Tsiku Lomwe Tinasambitsa Injini ya Bambo

Ku koleji ku Chipata ine ndi aphunzitsi tinagwirizana mwamtendere kuti tisadzaonanenso. Ndinabwerera kwathu ku Pembamoyo, komwe bambo anandipatsa udindo woyenera maphunziro anga: kugwira boneti ya galimoto yawo iwo akamakonza injini. Kachitsulo kochirikizira kanathyoka kalekale, ndiye kachitsuloko ndinali ine.

Bambo anamwalira nyengo yokumba mtedza. Galimoto yomwe inkanyamula chimanga cha anthu ndi odwala opita ku kiliniki inanyamulanso bokosi lawo. Kwathu chilichonse chimene chakhudza maliro chimatsukidwa, kuyambira makasu okumbira manda mpaka manja a anthu. Choncho tsiku lometa, azakhali, mlongo wawo wa bambo, anafika ndi ndowa za madzi oviikamo masamba a mankhwala. Ife ndife a mpingo, ndiye mkulu wa mpingo anakumbukira nthawi yomweyo kuti ayenera kukaona nkhokwe yathu kuseri.

Amayi anali a chitengwa, kwawo ndi ku Mlolo, ndipo anali atanena kale kuti miyambo ikatha abwerera kwa abale awo. Anandiuza ndili ndekha kuti, "Kuno ndinabwera pakeliyala ya njinga. Bambo ako ankati tsiku lobwerera ndidzakhala kutsogolo m'galimoto. Usadzandikweze ngolo, mwanawe."

Anthu anatsuka kumbuyo, matayala, mipando. Kenako azakhali anagogoda boneti ndi chala.

"Tsegula apa."

"Kumeneko maliro sanafikeko, azakhali."

"Iwe, bambo ako ankakhala kuti? M'nyumba ankangogonamo. Tsegula."

Zinali zoona. Nditatsegula, bambo aang'ono anali atakweza kale ndowa kufika pachifuwa. Ndinaima patsogolo pawo n'kufotokoza ndi mawu a munthu amene anaonako khomo la koleji, kuti madzi akalowa mu olitaneta, m'kabokosi ka mafyuzi ndi m'mawaya a mapulagi, galimoto itsatira mwini wake, ndipo mbuzi ya maliro achiwiri tinalibe. Palibe anaseka.

"Mwambo sudziwa mawaya," anatero azakhali. "Madzi afike paliponse pamene dzanja lake linafika."

"Afika ndithu. Koma afike pansanza, osati pandowa."

Azakhali anayang'ana amayi amene anali pamphasa, mutu wongometedwa kumene.

"Nsanzayo inyowe zenizeni. Ndikukuona," anandiuza azakhaliwo.

Ndinachita monga ndinkaonera bambo akuchita pansi pa mkono wanga. Bambo ankati injini imasamba ngati wodwala, ndi kansalu, ndipo thupi liyambe lazizira. Lathu linali litazizira kuyambira tsiku la maliro. Boneti ndinawagwiritsa bambo aang'ono, ine ndinamasula waya wakuda wa batire n'kuuika pambali. Olitaneta, mafyuzi, disitibyuta ndi kukamwa kolowera mpweya ndinazivindikira ndi mapulasitiki a shuga ndi buledi omwe anatsala pamaliro, n'kumanga ndi malegeni. Injiniyo inaoneka ngati munthu amene wagwa panjinga n'kumangidwa mabandeji ndi nesi wokwiya.

Ndinayamba ndi kaburashi kouma, kusesa makoko a mtedza, fumbi la msewu wa Zemba ndi katundu wa makoswe. Girisi wouma ndinamufewetsa ndi nsanza ya parafini. Pomaliza ndinaviika nsanza ina m'ndowa ya azakhali, kufinya, kupukuta, kuviikanso. Madzi anada. Azakhali ankaloza ndi mlomo pamene ndalumpha, ine n'kumabwerera.

Mkati mwa boneti, chakumanzere, panali dzanja la bambo. Ankatsamira pamenepo nthawi zonse akamaweramira injini, ndipo girisi wa zaka zambiri anajambula chikhatho chonse, ndi kachala kakang'ono kopindika komwe lamba wa fani anakaphunzitsa ulemu. Ndinapukuta mozungulira. Ndinapukutanso mozungulira, mosamala ngati wolima pafupi ndi manda.

Azakhali anaona. Mlomo wawo sunaloze. Anangotembenuka n'kuyamba kukonza chitenje chomwe chinali chokonzeka kale.

Amayi ndiwo anadzuka. "Bweretsa nsanzayo."

"Amayi, apa palibe waya. Pangathe kukhala."

"Ndati bweretsa."

Ndinawapatsa nsanza, ine n'kulandiranso boneti. Amayi anaika dzanja lawo pamwamba pa la bambo. Lawo linali laling'ono, zala za bambo zinatsala kunja. Anakhala choncho pang'ono, kenako anapukuta. Girisi wakale sachoka msanga, ndiye anakhula ndi mphamvu, boneti ikugwedezeka m'manja mwanga.

"Asamabwerere kudzakonza," anatero. "Atopa."

Tinasiya boneti yotsegula padzuwa, titaichirikiza ndi mpini wa khasu, mpaka mkati monse munauma. Ndinachotsa mapulasitiki onse, chifukwa woiwalika amasungunuka injini ikatentha, ndipo ndinabwezera waya wa batire. Kiyi sindinamugwire tsiku limenelo.

Miyambo itatha, tinakweza kumbuyo makina osokera a amayi, mitolo ya zovala ndi nkhuku zomangidwa miyendo. Amayi anakhala kutsogolo. Ndinapemphera ndisanapotokole kiyi, koma sindikudziwa ngati Mulungu anamva bwino, chifukwa ndinapempha zinthu ziwiri zotsutsana: kuti injini ilire, komanso kuti isalire.

Inalira nthawi yomweyo. Kwa bambo sinkachita zimenezo, inkafuna kunyengereredwa ndi kukankhidwa ndi theka la mudzi. Amayi atamva kulirako anatseka maso, ndipo sanawatsegule mpaka titadutsa sukulu.

"Ukuyendetsa ngati bambo ako," anatero tili m'njira. "Dzenje lililonse ukulipatsa moni."

Ku Mlolo abale awo anawalandira, ine anandipatsa madzi akumwa ndi malangizo. Ndinabwerera ndekha dzuwa likupendeka. Nditafika pakhomo ndinatsegula boneti kuti ndione ngati zonse zili bwino. Zonse zinali bwino, injini yoyera ngati ya munthu wina. Ndinaigwirabe bonetiyo m'mwamba, monga mwa udindo wanga, mpaka mkono unachita dzanzi.