Zitsa za Kuseri kwa Nyumba ya Alendo

Nyumba yathu ya alendo ili ndi zipinda zitatu basi, m'mbali mwa msewu wopita ku Furancungo. Tinaimanga awiri ndi amuna anga, njerwa tikuumba tokha. Amafikamo kwambiri ndi anthu a mumzinda wa Tete, othawa kutentha nthawi ya feriyasi, tchuthi cha sukulu. Amabwera ndi ana awo, n'kumadabwa kuti kuno munthu amafunda bulangete.

Anthu a mumzinda sasamba madzi ozizira. Zaka zoyamba ndinkawatenthetsera pamoto, mitolo iwiri ya nkhuni tsiku lililonse. Amuna anga zinkawapweteka. Anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, ndipo ankati anaona phiri lathunthu likuyera chifukwa cha nkhuni za ife othawa, mpaka amayi awo ankaphikira mapesi. Tsiku lina anatsika chapa, minibasi ya kwathu kuno, ali ndi migolo iwiri yachitsulo, matambolo amene timanena kuno. Anawapaka utoto wakuda, n'kuwakweza pathandala kuseri kwa bafa kuti dzuwa lizitenthetsa madzi.

"Inu bambo, nanga wofuna kusamba m'mawa?" ndinawafunsa.

"Abwerere kwawo ku Tete. Kumeneko madzi amawira okha mumtsuko."

Alendo anazolowera kusamba madzulo. Madzi otsala ankatsata kangalande kopita ku nthochi.

Pamene tinkafika pamalopo, kuseri kwa nyumba kunali zitsa zokhazokha. Amuna anga sanabzale mtengo ndi umodzi womwe. Pa chitsa chilichonse ankasiya mphukira imodzi kapena ziwiri, zina n'kudula ndi kampeni. Patapita zaka panali misuku, mitondo ndi miombo yoposa denga. Alendo ankakhala pamenepo, ana awo akutola masuku. Lamulo linali limodzi: nkhuni ndi nthambi youma yogwa yokha.

Amuna anga anamwalira m'mwezi wozizira wa Junyu, chifuwa cha sabata imodzi. Kwathu kuno mkazi wofedwa amakhala m'nyumba kumutu kwa maliro, pakati pa amayi anzake. Satuluka, salamula kanthu. Anthu anabwera ambiri, ndipo kunkazizira koopsa. Pamafunika moto wa amuna panja, moto wophikira, moto wa madzi. Nkhuni za pamaliro sapempha. Amuna amangotenga nkhwangwa n'kudula mtengo umene uli pafupi.

Anali masana pamene ndinaimva nkhwangwa kuseri kwa khoma. Mtengo woyamba utagwa, pansi panagwedera mpaka pamphasa. Ndinafuna kudzuka, koma alongo awo a amuna anga anandigwira bondo.

"Khalani pansi, mlamu. Anthu aziti chiyani?"

Ndinakhala. Mwini mitengo ali gone pambali panga, nsalu kumaso, ine pakamwa pali tseke. Nkhwangwa inalira masiku atatu.

Titameta, ndinazungulira kuseri kamodzi kokha. Zitsa zinali mbuu. Unatsala msuku umodzi woyandikana ndi thandala, chifukwa ankaopa kuti ugwera matambolo.

Matambolo aja akatentha, chitsulo chimalira kamodzi kapena kawiri dzuwa likafika pamutu. Ankatero kuyambira kale, ndipo amuna anga ankaseka kuti madzi apsa. Koma chichitikire maliro ine ndimamva nkhwangwa. Kho! Ndaswa mbale ziwiri chifukwa cha zimenezi. Mayi wina wa ku Tete anandipeza nditaima pakati pa bwalo, tsache lili pansi, ndipo anafunsa ngati ndikudwala. Ndinati ayi, ndi tambolo chabe. Pothira madzi ndinkayang'ana mapazi anga okha, osaponya maso kumene kunali mitengo.

Mvula itagwa kunabwera mng'ono wawo wa amuna anga.

"Alamu, malo akuseriwa akungogona. Tizule zitsazi, tibzalepo fodya. Mupezeko thandizo."

"Nkhwangwa yoyamba ija inali yanu?"

Anayang'ana kumbali. "Anali maliro, alamu. Mukanafuna anthu aume ndi chisanu?"

Sankanama. Kenako anati abwera Loweruka ndi makasu, zikuluzikulu adzaziotcha.

Lachisanu m'mawa ndinati ndikazione komaliza. Ndinapeza chitsa chilichonse chaphuka. Mphukira zinali zothithikana, masamba ake ofiira, zikulimbirana malo popanda wozipatula. Kenako ndinalowa m'nyumba n'kutenga kampeni kaja pamsomali pamene mwini wake anakasiya. Chigwiriro chake chinali chosalala mmene munkadutsa chala chawo.

Sindinkadziwa yosiya ndi yodula. Ndinangokumbukira zimene ankalankhula okha akamagwira ntchito, kuti yabwino ndi yowongoka, yotulukira pafupi ndi nthaka. Chitsa choyamba ndinachiononga. Chachiwiri dzanja linayamba kudziwa.

Loweruka mlamu wanga anafika mochedwa, khasu lili paphewa, n'kundipeza ndagwada pa chitsa cha mtondo.

"Kodi mukutani, alamu?"

"Ntchito ya achimwene anu."

"Mitengo imeneyi mudzakhala pamthunzi wake inu?"

"Kaya."

Tikanali chomwecho, tambolo linalira. Kho! Tonse awiri tinadzidzimuka. Iwo anatembenuka kuyang'ana thandala, kenako zitsa, ndipo ndinaona kuti nawonso amva chimene ndimamva ine. Anatsitsa khasu, n'kukhala pamwala. Pochoka anangoti akaone mbuzi. Za fodya sanazitchulenso.

Mphukira zija tsopano zandipitirira mutu pang'ono. Alendo akale amafunsa kumene kunapita mthunzi, ndipo ndimangowaikira mipando pansi pa msuku wotsala uja.

Pafupi ndi khitchini ndinamanga kachisakasa. Nthambi iliyonse youma imene ndatola, theka ndimaphikira, theka ndimaunjika mmenemo. Ana anga ndinawaitana n'kuwaonetsa. Ndinawauza kuti zimenezo ndi nkhuni za maliro anga, ndipo tsikulo wobwera ndi nkhwangwa adzamulandire bwino, adzamupatse mpando, nkhwangwayo adzaisunge m'nyumba kufikira anthu atabalalika. Mulu wafika m'chiuno. Kwa masiku atatu a Junyu sunakwane.