Tsiku limene amayi anawoloka chingwe cha bwalo la kiriketi

Kiriketi ndinaidziwa chifukwa cha mnzanga wa m'kalasi, mtsikana wa ku Pollokshields, dera lina la mumzinda wa Glasgow, amene makolo ake anachokera ku Pakistan. Nditangofika ku Glasgow kuchokera ku Zomba, iye ndi amene anayamba kukhala nane pa nthawi yopuma, pamene Chingerezi cha kuno chinkandimvekera ngati munthu akulankhula ali ndi mbatata yotentha m'kamwa. Ankasewera mu timu ya atsikana Loweruka lililonse m'mawa, ndipo tikaweruka ankandiponyera mpira kuseri kwa sukulu, kundiphunzitsa kuwakha. Mphunzitsi wa timu yawo anati ndikhoza kulowa nawo, bola kunyumba alole.

Amayi anakana. Iwo amagwira ntchito m'nyumba yosamalira okalamba, ndipo akakhala pa shifiti Loweruka, ine ndi amene ndimachapa ndi kukonza m'nyumba mwathu ku Maryhill, masana n'kupita ku kwaya.

"Masewero otani otha tsiku lonse anthu atangoima ngati akudikira basi?" anatero. "Ukanati netibo ndikanamva."

Ali mtsikana anasewerapo netibo, ndipo mpaka lero amanyadira. Nditawachonderera kwa milungu ingapo, anatopa nane. "Ndikaone kaye ndi maso anga. Ndikakapanda kukhutira, nkhaniyi yatha, usadzaiyambenso."

Chaka chomwecho, nyengo yotentha ya kuno itayamba, kunabwera mpikisano wa matimu a atsikana ochokera m'maiko osiyanasiyana. Masewero ena anaikidwa ku Glasgow, ena ku Edinburgh, enanso m'timatauni timene ndinali ndisanatimvepo. Timu imodzi inali yochokera kum'mawa kwa Afrika. Sukulu yathu inapatsidwa matikiti aulere, ndiye sabata yotsekera tinapita kalasi yonse kukaonerera masewero awo oyamba pa bwalo lalikulu.

Sindidzaiwala mmene ndinaimira pa geti. Udzu unali wometedwa bwino kwambiri moti ndinaopa kuupondera pafupi, wobiriwira mizeremizere ngati wina anachita kuupesa. Pakati panali kanjira kouma, ndipo kumapeto kwake konse kunali timitengo titatu. Kenako anatuluka atsikana akuda ngati ine, ena oluka tsitsi ngati mmene amandilukira amayi. Mmodzi wamtali anathamanga kuchokera kutali, mkono n'kuzungulira ngati gudumu, ndipo mpira sindinauone n'komwe. Ndinangomva kuti khwa, kamtengo kamodzi kali m'mwamba. Ndinali ndisanadziwe kuti mtsikana angaponye chinthu mwamphamvu chotero.

Koma mabenchi anali opanda anthu. Kupatula ife a sukulu, panali madala ochepa atafunda majekete, wina ali ndi galu wake. Atsikana aja akachita zodabwitsa, m'manja munkamveka patalipatali ngati mvula yongoyamba kudontha pa malata.

Madzulo ndinawafotokozera amayi akusita yunifomu yawo. Za udzu ndi za timitengo sanazilabadire. Koma nditatchula za mabenchi, anaimika simbi.

"Wati kunalibe anthu?"

"Analipo, koma ochepa."

"Akwathu kuno analipo?"

"Ine ndekha."

"Ana a eni ake achoka kutali konseko, kukwera ndege, kudzazizidwa kuno, ndiye palibe ndi mmodzi yemwe wokawaona? Si alendo athu amenewo?"

Kwa amayi, mlendo akafika m'dera umakamuona, ndipo supita chimanjamanja. Lamlungu mapemphero atatha anauza amayi anzawo a ku tchalitchi, ndipo angapo anavomera. Tinayang'ana ndandanda wa masewero pa foni: atsikana aja ankaseweranso ku Glasgow Lachinayi, sukulu itatsekera. Amayi anasinthana shifiti ndi mnzawo kuti tsikulo akhale omasuka. Mumtima ndinadziwa kuti limenelo ndilo tsiku langa loweruzidwa.

Ndiye kunagwa mvula. Inagwa masiku otsatizana, ngalande ya kuseri kwa nyumba yathu n'kudzaza mpaka m'mphepete. Lachitatu mnzanga ananditumizira uthenga woti bwalo lalikulu ladzaza madzi, masewero awasunthira Lachisanu, ndiponso awapititsa ku bwalo laling'ono la kufupi ndi kwawo ku Pollokshields. Ndinawauza amayi.

"Masewero oopa mvula?" anatero. "Kwathu mpira timasewera m'matope."

Ndinaganiza kuti basi zathera pomwepo. Koma anatenga foni n'kuimbiranso mnzawo uja. Ndinamva akupepesa, akuseka, akupepesanso. Lachisanu analipeza, koma posinthana ndi Lamlungu lawo, ndipo amayi sajomba ku tchalitchi wamba.

Lachisanu kunacha kuli mitambo koma kosagwa. Tinakwera basi mpaka m'tauni, kenako sitima. Amayi ndi anzawo anamanga zitenje pamwamba pa majekete, atanyamula maambulera, mafulasiki a tiyi ndi chidebe chodzaza mandasi. Mmodzi wa iwo, namwino wa ku Sighthill amene tonse timangowatcha anti, ankaseka njira yonse.

"Asisi, inu malamulo ake mukuwadziwa?"

"Malamulo a chiyani?" amayi anayankha. "Tikukaona ana."

Bwalo laling'onolo linandisangalatsa kuposa lalikulu lija. Linali pakati pa mitengo ikuluikulu ndi nyumba zakale za miyala yofiirira, ndipo panalibe mpanda kapena mabenchi. Cholekanitsa oonerera ndi osewera chinali chingwe choyera chongoyalidwa pa udzu. Anthu analiponso ambiri kuposa tsiku loyamba lija, chifukwa mabanja a m'deralo anangotuluka m'nyumba ndi mipando yawo yopinda. Mnzanga anatisungira malo pafupi penipeni ndi chingwe. Munthu ankatha kumva osewera akupuma.

Atsikana aja atalowa m'bwalo, anti anayambitsa nthungululu, enawo n'kulandira. Bwalo lonse linacheuka. Osewerawo anaima, kuyang'anayang'ana, ndipo wamtali uja ataona zitenje anagwira pakamwa, kenako anakweza manja onse awiri. Ine ndinafuna kulira.

Timu yathu, poti tsopano tinkaitcha yathu, inayamba ndi kuponya, enawo akumenya mpirawo ndi thabwa. Ndinayesa kuwafotokozera amayi kuti womenya akathamanga pakati pa timitengo amapeza mapointi, koma ankangoti "eya, eya" maso ali pa ana. Za chingwe sindinawauze. Sindinaganize kuti n'zofunika kuwauza kuti mpira ukafika pa chingwe, womenya amapatsidwa mapointi anayi, ndipo woonerera saloledwa kuukhudza usanawoloke.

Patapita nthawi, womenya wa timu ina ija anaumenya mwamphamvu. Mpira unabwera ukukwawa pa udzu molunjika kumene tinakhala, mtsikana mmodzi wa timu yathu akuuthamangira ndi mphamvu zake zonse, ndipo zinkaoneka kuti aupeza usanafike pa chingwe. Amayi anangoona mwana akuvutika. Anadzuka, kudumpha chingwe ndi chitenje chawo, kuwerama ngati pa netibo, n'kuugwira mpirawo. Kenako anaupereka kwa mtsikanayo ndi manja awiri.

Kunangoti zii. Woyimbira anayang'ana mnzake, n'kugwedeza mkono uku ndi uku, kusonyeza mapointi anayi kwa timu ina ija. Kenako anthu anaphulika kuseka, ena akuwomba m'manja. Bambo wina wovala jekete yowala anabwera n'kuwapempha amayi mwaulemu kuti abwerere kuseri kwa chingwe.

"Mami, mwawapatsa adani mapointi!" ndinanong'ona.

"Asisi, mwalembedwa liti mu timu?" anti anafunsa, misozi ya kuseka ikutsika.

Koma amayi sankaseka. Anali atagwira chala chawo chapakati, chimene chinali chitayamba kale kutupa.

"Iwe," anandiyang'ana. "Umenewu ndi mpira kapena mwala? Chimenechi ndiye ukufuna azikugenda nacho?"

Masewero otsalawo ndinaonerera mtima uli pansi, ngakhale munali zokongola zambiri. Kamvula katawaza, amuna anathamanga ndi malona aakulu kukafunditsa kanjira kapakati kaja ngati akufunditsa chimanga choanika, ndipo dzuwa litatuluka udzu unanyezimira mpaka kuthobwa m'maso. Timu yathu inagonja, ndipo mwamwayi kusiyana kwake kunali kwakukulu kuposa mapointi anayi aja.

Masewero atatha amayi ananyamula chidebe cha mandasi. "Tiye, ukandithandize Chingerezi. Ndikapepese kwa mwana uja."

Sitinayende mtunda, chifukwa atsikanawo anali akubwera okha kwa ife. Anapereka moni kwa amayi aliyense atagwira mkono ndi dzanja linalo, monga timachitira kwathu. Anadya mandasi ataimirira, akuitana anzawo m'chinenero chawo, chimene mawu ena ankamveka ngati athu. Amayi atapepesa, mtsikana wothamangira mpira uja anaseka mpaka kukhala pansi. Anati chifikireni kuno anali asanamve nthungululu, ndipo itamveka anaiwala kuti kukuzizira.

Kenako anaona chala chija. Anagwira dzanja la amayi, kulitembenuza, n'kuwafotokozera kuti mpira umenewu sulimbana nawo. Umaulandira manja ali ofewa, n'kuwabweza m'mbuyo pamodzi nawo, ngati ukulandira dzira. Anawaonetsa zikhatho zake. Zinali zolimba, koma zala zonse zinali zowongoka bwinobwino.

"Mufunse," amayi anandikodola, "mayi ake anamulola?"

Mtsikanayo anati mayi akewo poyamba anakana, koma tsopano ndi amene amamudzutsa m'mawa kuti asachedwe. Mnzanga analowererapo n'kunena kuti inenso ndimatha kuwakha. Mtsikanayo anatenga mpira, kubwerera m'mbuyo, n'kuuponya m'mwamba kwambiri, kupitirira nsonga za mitengo ija.

Ndinauona ukuchepa mpaka kukhala kadontho pa mitambo, kenako ukukula. Miyendo inayenda yokha. Unagwera m'manja mwanga, ndipo ndinawabweza mpaka pachifuwa monga anandiphunzitsira mnzanga. Sunapweteke n'komwe. Anti anaimba nthungululu ina, osewera aja akuwomba m'manja pakamwa pali mandasi.

Amayi anabwera, kutenga manja anga, kuyang'ana chala chilichonse, n'kuwasiya. M'sitima anakhala pa mpando, chala chili chokulungidwa ndi kansalu konyowa. Titatsala pang'ono kufika m'tauni anafunsa, osandiyang'ana, "Chipewa cholimba chija amavala omenya, chokhala ndi mawaya kumaso, ku timu kwanuko chilipo?"

"Chilipo, mami. Amabwereketsa."

"Zochapa uzichapa Lachisanu ukaweruka. Ku kwaya usachedwe ngakhale tsiku limodzi."

Anti anandigunda ndi chigongono. Ine ndinangoyang'ana pa windo, kuopa kuti ndikatsegula pakamwa ndikuwa m'sitima ya anthu.

Loweruka loyamba limene anali omasuka, amayi anandiperekeza okha ku Pollokshields. Anakaonana ndi mphunzitsi wa timu, kugogoda chipewa chija ndi dzanja labwinolo kuti amve kulimba kwake, n'kundiveka okha, kumanga lamba pansi pa chibwano mpaka ndinadandaula. Kenako anayala chitenje pa udzu n'kukhala pansi, patali ndithu ndi chingwe.