Malovu Anga Ndinawasiya Kuboma

Malemu mayi anga ankandichenjeza kuti, "Nabanda, tsitsi, zikhadabo ndi malovu usamasiyire mlendo, ngakhale akusekerere bwanji." Mawu amenewo ndinawamanga pansonga ya chitenje Lachiwiri lija ponyamuka ku Senga Bay ndi mdzukulu wanga Tadala.

Tadala ali ndi zaka khumi ndi chimodzi, koma mkodzo umamupulumuka usana ndi usiku womwe. Sukulu anasiya anzake atamupekera nyimbo. Likodzo anamuyeza, alibe. Ine ndinayesa zonse: kumumana madzi, kumumangirira chule m'chiuno, ngakhale kamkwapulo. Mudzi wonse ndinauuza kuti nthendayi ndi yakuchimuna, kwa mkamwini wanga. Ndiye a zaumoyo atalengeza kuti kuboma kwabwera ofufuza matenda a chikhodzodzo mwa ana, ndinati ndimuperekeza ndine. Amake angakadinde chala papepala lililonse.

Sikisi koloko tinakwera kabaza mpaka pamsewu, K1,000. "Agogo, ndigwireni m'chiuno," anatero wopalasayo. Ndinagwira mpando. Minibasi inali K2,500 munthu mmodzi, ndipo kondakitala anatipanikiza pakati pa madengu a usipa. Mayi wina anapatsa Tadala chitumbuwa. Ndinalandira ine, n'kuchiponya pawindo mwiniwake atayang'ana kumbali. Tinadya chinangwa chathu chophika.

Chapakati pa ulendo, nsalu imene ndinamuyalira pampando inanyowa. Mwana anangowerama.

"Chikununkha n'chiyani muno?" anafunsa bambo wina.

"Usipa wanuwo, bambo," ndinamuyankha.

Cha m'ma naini tinalowa m'chipatala. Ndinkayembekezera anamapopa, koma tinapeza mayi wa magalasi ali ndi timabotolo patebulo. Anati akufufuza ngati vutoli limayenda mumtundu, ndipo amayerekeza malovu a mwana ndi a abale ake. Malovu!

"Muli ndi ufulu wokana, agogo. Koma ndifunseko: kubanja kwanu alipo amene ankakodza pamphasa atakula kale?"

"Kuchimuna," ndinatero msangamsanga.

"Nanga kuchikazi? Inuyo, kapena alongo anu?"

Ine amene ndinkayanika mphasa kuseri kwa nkhokwe mpaka nditatha msinkhu! Malemu mlongo wanga Yohane chimodzimodzi. Zathuzo mayi ankati tinalodzedwa ndi anansi, ndipo zaka zonsezi sindinaganizepo kuti n'zomwezi zili pa mwanayu.

"Ineyo," ndinatero chapansipansi.

Tadala anatembenuka, maso ali tong'o. "Agogo, inunso? Nanga munkandimenyeranji?"

Ndinatola kabotolo n'kulavuliramo. Pepani mayi kumandako.

Wofufuza uja sanatinamize. Anati zotsatira zidzachedwa, ndipo mwina zidzathandiza ana a mtsogolo kuposa Tadala. Koma anatilozera kwa dokotala, amene anatipatsa tsiku lodzaunika chikhodzodzo. Dokotalayo anati mwana asamamanidwe madzi masana. Nditatchula za chule, anayika cholembera pansi n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

Padepoti ndinamugulira botolo la madzi. Anayamba wandiyang'ana kaye, ngati ndikumutchera msampha.

"Imwa onse, mayi wanga," ndinatero.

Tinafika kunyumba cha m'ma fili, n'kupeza mkamwini akusoka ukonde pamthunzi. Ndinayamba ine kumupatsa moni, ndipo anadabwa mpaka chosokera chinagwa. Kupepesa sindinapepesebe, ndikusonkhanitsa mphamvu. Ulendo wonse ndinakayikira wakabaza, chitumbuwa ndi timabotolo, pamene woyenera kumufunsa mafunso anali atavala chitenje changa.

Komabe malovu anga ali m'manja mwa alendo, ndipo mayi anga sankanama pa zonse. Mukamadutsa ku Senga Bay mudzapatuke, nyumba ya kuseri kwa mathandala a usipa, mudzandizonde ngati ndikadali ndi mnofu. Chakudya musavutike kubweretsa. Sindidzadya.