Wolawa Mchere wa Pamaliro

Ku Chawama ndiwo za pamaliro siziphulidwa amayi a nyumba yapakona asanalawe mchere. Koma chiyambire kuwotchedwa ndi makina kuchipatala chifukwa cha khansa yapakhosi, lilime lawo linafa. Malovu anauma, fungo la mafuta limawachititsa nseru, ndipo amangomeza phala lamadzimadzi pang'onopang'ono. "Bola vinkale mumala," amatero, dzanja lili pamimba.

Pamaliro a Loweruka lapitali, ba Marjory, mnzawo wakutchalitchi, anawapatsa supuni mwachizolowezi. Amayiwo analawa kabichi, zilonda za m'kamwa zikuwawa mpaka misozi.

"Fakaniko mchere," anatero. Katatu konse.

Olira anadya mchere wokhawokha, wodandaula panalibe. Potsuka mapoto, ba Marjory ananong'oneza anzawo, maso ali pa amayi aja: "Nanga pamaliro yao, azalawa ndani?"