Dzanja Lolemera la a Kolorini

Anthu a m'nyumba zalendi zija ankangowatcha a Kolorini, ndipo iwo ankayankha monyadira. Ntchito yawo inali yoyang'anira malowo: kusesa, kukonza mipopi yodontha, ndi kuthira mankhwala a kolorini m'thanki yamadzi imene inali pamwamba, m'munsi mwa nthambi za mtengo waukulu. Chimwalirireni mng'ono wawo ndi kolera, dzanja lawo linalemera. Pepala likati supuni ziwiri, iwo ankathira zisanu. Zotsuka thankiyo ndiye ayi ndithu. Utsukiranji, poti mankhwala alimo kale?

Madziwo ankanunkha ngati chipatala. Alendi ambiri ankagula akumwa kwina, koma kunyumba kwa a Kolorini ankamwa omwewo. Bambowo mimba yawo inali ngati ya mbuzi, sinkasankha. Amene anayamba kuvutika ndi akazi awo. Mimba kufufuma, kupotokola, lero kutsegula mawa kudzimbidwa. Anaonda mpaka siketi ankachita kuigwiriza ndi pini. A Kolorini mantha anawagwira. M'maganizo mwawo anali ataona kale khansa, ndi bokosi la maliro lomwe.

Kuchipatala anayeza zonse, chotupa sanachipeze. Koma mayi wina wazaumoyo atamva za fungo la madziwo, anabwera n'kukwera yekha pathankipo. Chivundikiro chinali chosweka, ndipo pansi panali matope a masamba owola, akuda bii.

"Bambo, munatsuka liti muno?"

A Kolorini anakanda m'mutu. "Koma mankhwala ndiye sindiphonya, mayi."

"Vuto lake n'lomwelo. Kolorini akakumana ndi zowolazi, pamapangika mankhwala ena. M'matumbo mwathumu muli tizilombo tabwino tothandiza kugaya chakudya, ndiye akatswiri akuganiza kuti mankhwala amenewo amasokoneza tizilomboto. Sindingalumbire kuti n'zimene zawadwalitsa amayi, koma tiyambire pomwepa. Kuthirako musasiye, kolera sanapite kulikonse. Tsukani, vundikirani, ndipo muziyeza."

Tsiku lomwelo bambo aja analowa m'thanki ndi burashi, manyazi ali tho. Anatulutsamo ndowa zisanu ndi ziwiri za matope.

Patatha milungu isanu, akazi awo aja anayamba kudya bwino ndiponso kulongolola monga kale. Kaya anali madzi, kaya mapiritsi akuchipatala, akudziwa ndani? A Kolorini mtima unakhala pansi, moti ankaimba mluzu posesa. Chinawatsalira chinali kuulula. Tsiku lina masana anawapeza mayiwo akuyanika zovala.

"Mayi a ana, mwina amene ndinakudwalitsani ndine."

Mayiwo anawapatsira nsonga ina ya nsalu yoyala pabedi kuti agwire.

"Mukuyesa ine mphuno ndilibe? Koma nyumba zonsezi zikukusekani, inenso ndizikagula madzi a m'botolo? Gwirani bwino apo, ikukhudza pansi."