Khofi Wowawa wa a Khalili

Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu, amene ananditsegula maso ndili mwana, m'dziko la eni, pa maliro a munthu amene sanali m'bale wathu.

Ndikukumbukira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Bambo ankayendetsa galimoto ku ofesi ya kazembe, ndipo tinkakhala m'nyumba yosanja ku Takoma Park. Pabenchi ya panja pankakhala nkhalamba ziwiri: a Rozeni, Myuda, mphunzitsi wopuma, ndi a Khalili, Mpalestina woyendetsa takisi. Tsiku ndi tsiku ankakangana za dziko limodzi lomwelo mpaka mitsempha ya m'khosi kuonekera. A Rozeni ankati abale awo anaphedwa ku Ulaya chifukwa analibe kothawira. A Khalili ankatulutsa kiyi wakale wa nyumba imene makolo awo anachotsedwamo, n'kufunsa chimene atate awo analakwa.

Ine, ndi mapu a kumapeto kwa Baibulo langa, ndinali nditauweruza kale mlanduwo. Ndinaleka kupereka moni kwa a Khalili.

A Rozeni anamwalira m'nyengo ya chisanu. Amayi anamanga chitenje pamwamba pa jekete, natenga buledi ndi shuga, nati tizipita, maliro saitanira. Pafupi ndi chitseko cha anamfedwa tinapeza a Khalili ataima, atanyamula ketulo ya khofi. Kwawo olira amamwa khofi wopanda shuga. Ankaopa kulowa chifukwa cha Davide, mwana wa malemu, amene tsiku lina anawalalatira kuti asadzayankhulenso ndi bambo ake.

Ndinauza a Khalili m'Chingerezi kuti abwerere, popeza iwo ndi adani a anthu a Mulungu.

Amayi sanandimenye. Anangondiyang'ana.

"Chisomo, landira ketuloyo ndi manja awiri. Utsogole, ndipo ukagwade."

Kenaka anauza a Khalili kuti kwathu, ngakhale amene munkalimbirana naye malire a munda amadzakumba nawo manda.

M'katimo magalasi odziyang'anira anali ophimbidwa ndi nsalu, monga mwa mwambo wawo wa maliro. Anamfedwa anakhala pa timipando tofupika, ndipo malaya a Davide anali ong'ambidwa pachifuwa, monga ndinkawerengera za olira a m'Chipangano Chakale. Amayi anakhala pansi n'kutambasula miyendo ngati kumudzi. Ine ndinagwada, ketulo ikundiotcha zala. Anthu onse anatembenukira kwa amene anali kumbuyo kwanga. Davide anaimirira.

A Khalili anavula chipewa.

"Zaka zonsezi bambo ako sanavomereze mawu anga ngakhale kamodzi. Koma sananyamukepo ndisanamalize kulankhula."

Mayi wamasiye anaseka, misozi ikutsika. Anati amuna awo ankalowa m'nyumba akunyoza a Khalili, kenaka n'kuyamba kudandaula ngati munthuyo wamwa mankhwala ake.

"Khalani pansi, nkhalamba youma mutu inu," mayiwo anauza a Khalili.

Potsiriza Davide anatenga kapu n'kuiloza kwa ine. Ndinathiramo khofi. Anamwa, nkhope ikukwinyika ndi kuwawa, ndipo anati sakugwirizanabe ndi a Khalili pa chilichonse. Iwo anangoyankha kuti benchi ilipo.

Ndinamva ngati ndaponda malo oyera ndi nsapato. Pobwerera, amayi anandifunsa amene anaika Abrahamu m'manda. Ndinati Isake. Anandiuza kuti ndikawerengenso bwino. Ndinapeza kuti anali awiri, Isake ndi Ismayeli, amene amati ndiwo makolo a mitundu ya nkhalamba ziwiri zija.

Lero ndine mayi, ndipo nkhondo ya kumeneko sinathe. Yankho lake ndilibe. Chimene ndikudziwa n'chakuti mapu anga analibe nkhope za anthu, ndiponso kuti Mulungu sanandipatse ntchito yolondera pakhomo la olira.

Ambuye akudalitseni inu owerenga, akupatseni mtima wokhala pansi mpaka wotsutsana nanu atamaliza kulankhula. Ndipo tsiku la misozi yanu, asadzasowe wokubweretserani chakumwa cha kwawo.