Kabichi Awiri a Agogo Anga a Namakhwa

Ndikaganiza za agogo anga aamuna, a Namakhwa, chimene chimayamba kundifikira ndi fungo la matope a kudimba kwawo, m'munsi mwa phiri la Michesi, kumene kamtsinje kankayendabe pang'onopang'ono ngakhale chaka chimene mvula inatikana, chimanga chonse n'kupsa chisanamasule.

Ankalima kabichi wamitundu iwiri, mbewu atabwera nazo kuchokera ku Mulanje kumene anagwirako ntchito m'munda wa mzungu. Wina anali woyera, wamutu wolimba ngati mwala, woti ankatha masabata osawola. Winayo anali wobiriwira kwambiri, masamba ake otayana, ndipo ukathyola m'mawa, pofika masana wafota kale.

Amayi ankadana naye wobiriwirayo. “Bambo, muzule uyu. Kumsika wa ku Chiringa palibe amene amamugula.”

“Woyerayo ndi wa paulendo,” ankayankha agogo, Chichewa chawo chikumveka Chilomwe. “Wobiriwirayu ndi wa m'thupi. Musiyeni.”

Njala itakula, mng'ono wanga Esitere anadwala. Nkhama zake zinkatuluka magazi, ndipo ankangogona pamphasa osalira n'komwe. Agogo anadula kabichi woyera, kudzaza mtanga, nati akawoloka malire kukasinthitsa ndi makaka, chinangwa chouma chija. Asananyamuke anawalangiza amayi.

“Tsiku lililonse thyolani wobiriwira, mumuphike nthawi yomweyo. Asapse kwambiri, ndipo msuzi wake musataye. Mwanayo azimwa.”

Amayi sanakhulupirire, koma kunalibenso china chophika. Ndimakumbukira utsi wa mapesi ukundiwawa m'maso, iwo akumuthira Esitere msuzi m'kamwa ndi kachikho, tonse tikuyang'anayang'ana kunjira.

Agogo anatha masiku asanu ndi anayi. Anafika dzuwa lili pamutu, mapazi atang'ambika, thumba la makaka lili paphewa. Kabichi uja anafika tsidya lija ali bwinobwino, anangochotsa masamba apamwamba basi. Asanatule n'komwe katundu anafunsa, “Mwana ali kuti?”

Esitere anali pakhonde, atakhala tsonga payekha, akutafuna phesi la kabichi. Agogo anakhala pansi pabwalo pomwepo. Amayi anawabweretsera madzi atagwada.

Esitere lero ali ndi zidzukulu. Ine pamsika ndimachedwetsa ogulitsa, chifukwa ndimayamba ndafunsa mumtima ngati kabichiyo ndikufuna kusunga kapena kudyetsa munthu wofooka. Kukakhala wodwala kunyumba, ndimasankha wa masamba obiriwira, n'kuthamangira kukaphika asanafote.